Ndinathawa Manda a Mayi Anga

Zikomo pondipatsa mpata. Mundilole ndilankhule chokhala, chifukwa miyendo yangayi ikaima pamaso pa anthu imayamba zake. Dzina langa ndi Esnati, kwathu ndi kuseri kwa msika wa Lizulu. Chili pamiyendo pangachi ndi nkhata ya kumanda. Ndaona ena mwasendera kale. Musaope, sinafikeko, ndi yatsopano, ndapanga ndekha ndi majumbo otola komanso waya wa m'matayala. Ndabwera nayo dala, ndipo ndikuuzani chifukwa chake ndikamamaliza.

Ine ndine munthu amene ndinakhala zaka osapita pamaliro. Nonse muno ndinu a kumudzi, mukudziwa tanthauzo lake. Munthu akhoza kukhala waulesi, wamwano, ngakhale wakuba nkhuku, anthu n'kumamupatsabe moni. Koma wosayenda maliro amakhala ngati anasamuka, chikhalirecho nyumba yake ili pakati pa mudzi.

Kale ndinali wa geni ya mbatatesi. Tinkapikula ku Tsangano ine ndi mnzanga Filesi, n'kumadzagulitsa pamsewu. Filesi tinakulira limodzi. Anali wolongolola, woti akamakunena umaseka nawo ngakhale wonenedwayo uli iwe. Tsiku limenelo tinakwera pamwamba pa lole, pamatumba, monga tinkachitira nthawi zonse. Titafika potsetsereka mabuleki anakana. Kugubuduka kwake sindikukumbuka. Chimene ndimakumbuka ndi mdima, fungo la dothi lonyowa la m'matumba, ndi mbatatesi zikugwera pamwamba panga, du, du, du, thumba lina litang'ambika. Filesi anali chakumiyendo kwanga, dzanja lake litagwira mwendo wanga. Ankandiitana. Kenako anasiya kuitana, koma dzanja silinachoke. Anthu atachotsa matumba ine ndinatuluka ndi phewa lothyoka basi. Filesi anamuika ine ndili m'chipatala.

Phewa linapola. Aliyense ankati ndili ndi mwayi, ndithokoze Mulungu, ndibwerere pamsika. Ndinabwereradi, koma munthu akangokhuthula mbatatesi m'ndowa, mtima unkathamanga, thukuta kamukamu, mpweya osalowa. Bulangete sindinkafunda ngakhale mu Juni, ndipo kuzizira kwa kwathu mukukudziwa. Mwana wanga Tadala akandigwira mwendo posewera ndinkamukankha ngati ndaponda njoka. Bambo ake poyamba ankandinyengerera, kenako anayamba kufunsa kuti kodi ngoziyo inachitikira ine ndekha dziko lonse lino.

Ndiye mayi anga anamwalira. Anadwala nthawi yochepa. Pasiwa ndinakhala bwinobwino, ndinalira ngati mwana aliyense. Kumanda ndinayenda ndi anthu, mkulu wanga atandigwira mkono. Titangolowa m'mitengo muja, fungo la dothi lokumbidwa kumene linandipeza. Ndinalimba mtima. Bokosi linatsika, abusa anapemphera. Koma adzukulu ataponya fosholo yoyamba, dothi n'kumveka du pabokosi, ine sindinalinso kumanda. Ndinali pansi pa matumba, dzanja lili pamwendo. Akuti ndinakuwa, ndinagwetsa mkulu wanga, ndinalumpha mitumbira ya eni ake n'kuthawa chitenje chitatsala m'manja mwa anthu. Ine zimenezo sindikuzidziwa. Ndinadzazindikira ndili m'munda mwa munthu, minga ili thoo m'mapazi.

Kwathu munthu akathawa manda sanena kuti wadwala. Amati akudziwapo kanthu. Nkhani inayenda msanga kuti Esnati anakhwimira geni, anayamba wapereka mnzake, tsopano wapereka mayi ake, ndiye maliro amukana. Pamjigo ndikafika nkhani zinkatha. Amayi ankakoka ana awo ndikamadutsa. Palibe amene anabwera kudzandifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo akanandifunsa sindikanatha kuyankha, poti nanenso ndinkadziona ngati wamisala.

Apa ndifulumire, chifukwa ambiri muno njira imeneyi mukuidziwa. Ndinapeza kuti ndikamwa, thupi limakhala chete. Ndinayamba ndi pang'ono pofuna tulo, kenako kachasu wa m'mawa, kenako timabotolo tija totchipa ta tsidya lina la msewu. Geni inatha. Bambo a Tadala ananyamula zovala zawo n'kubwerera kwawo. Mkulu wanga anabwera kudzatenga Tadala kupita naye ku Kasinje, ndipo sindinamuletse, ndinali chigonere pakhonde. Anthu ena anandipempherera mokuwa kuti ziwanda zituluke, ndinangotuluka ndi mutu wopweteka. Ananditemera mphini, palibe chinasintha. Maliro akachitika m'mudzi ndinkatseka chitseko n'kumwa mpaka nyimbo zitatha. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mayi anga, wolankhula naye kunalibe. Masiku ena ndinkadabwa ndikamva mawu anga omwe, pothamangitsa nkhuku za eni.

Chakudya ndi mowa ndinkazipeza potola mabotolo ndi majumbo msika ukatha. Tsiku lina ndikutola, anyamata anaponya thumba la mbatatesi kuchokera pamwamba pa lole, pafupi ndi ine. Ndinapezeka ndakhala pansi kuseri kwa golosale ya mayi Asiyatu, ndikunjenjemera. Mayi Asiyatu ndi Msilamu, amagulitsa sopo, shuga ndi mafuta pamsewu pomwepo, ndipo nkhani za m'mudzi mwathu analibe nazo ntchito. Anandiyang'ana, kenako analoza m'manja mwanga. Osadziwa, ndinali nditang'amba majumbo n'kuwaluka chingwe chachitali ndithu, cholimba, ngati mmene tinkalukira tsitsi ndi Filesi.

“Pamene mumaluka paja kunjenjemera kumachepa,” anatero. “Mwaona inu?”

Ndinali ndisanaone. Anandiuza kuti ndizikhala kuseri konko, azindisungira majumbo ndi mapepala a mabelo, ndiziluka zingwe ndi timikeka topondapo pakhomo. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti fungo la mowa lisafike pa golosale pawo. Ndiye ndinkamwa madzulo okhaokha. Sindikunamizani kuti ndinasiya pomwepo.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndimati moyo wanga unatembenuka. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, ine ndili kuseri kuja ndikuluka. Ndinaona mapazi aima patsogolo panga, opanda nsapato, osweka zidendene. Nditadzutsa mutu ndinapeza ndi a Nangondo, mayi ake a Filesi. Chichitikireni ngozi ndinkawazemba. Ndikawaona patali ndinkakhota njira. Ndinkadziwa kuti zonena anthu zija anazimva, ndipo mumtima ndinkati ngati pali munthu woyenera kundilavulira ndi iwowa. A Nangondo sanali munthu wofatsa. Ankafwenkha fodya wamphuno, ndipo pakamwa pawo ankaopa ndi amuna omwe.

Anakhala pansi osapempha malo, anatambasula miyendo, anafwenkha fodya wawo. Moni sanapereke. Ine manja anali ataima, chingwe chili lende.

“Uziluka,” anatero. “Sindinabwere kudzakumenya. Anthu andiuza zambiri za iwe, koma palibe amene analipo. Unalipo ndiwe. Mwana wanga ananena chiyani?”

Anzanga, funso limenelo palibe anali atandifunsapo. Apolisi anafunsa za dalaivala, achipatala anafunsa za phewa. Ndinayamba kuluka, maso ali pamajumbo, ndipo mawu anayamba kutuluka okha. Ndinawauza za mdima, za fungo la dothi, za dzanja pamwendo. Ndinawauza kuti Filesi anandiitana kangapo, ine n'kumayankha, koma sindinkatha kutembenuka. Anafunsanso kuti ananena chiyani, mawu ake enieni. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinkaona ngati mawu omaliza a munthu amayenera kukhala aakulu, a Mulungu kapena a ana. Koma ndinawauza zoona. Filesi anati: “Esnati, mbuzi ija ndaimangirira kudambo, ukawauze amayi akaimasule.”

A Nangondo anafwenkhanso fodya wawo. Kenako anati mbuziyo anaipeza mawa lake, italira mpaka mawu kutha, ndipo anakhala akudzifunsa kuti anaimanga kumeneko ndani. Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, nanenso ndinalira, kulira kwenikweni kumene sindinalire chichokereni m'chipatala. Mayi Asiyatu anasuzumira n'kubwerera mwakachetechete.

Atapukuta m'maso anandiuza kuti iwo chimwalirireni Filesi mbatatesi salawa, ndipo lole ikamadutsa amayang'ana kumbali. Ndinawauza za fosholo ija ya kumanda kwa mayi anga, kuti dothi pabokosi limamveka chimodzimodzi ndi mbatatesi pamsana panga. Anagwedeza mutu. “Ndiye ufiti wake ndi umenewu?” anatero. “Anthu a m'mudzi muno ndi opusa, ndipo iwenso ndiwe wopusa posanena.”

Asananyamuke anatola chingwe changa n'kuchiyang'anitsitsa. Anati pamanda a Filesi maluwa amene anaikapo anafota sabata yomweyo, otsala anadya ndi mbuzi, ndipo pakhala poyera ngati palibe mwini. Anandiuza kuti ndiwapangire nkhata yosafota. Ndinawakumbutsa kuti mbuzi za kwathu zimadya ndi jumbo yomwe. Anati ndimange zolimba, mbuziyo ikathyoke mano.

Nkhata yoyamba inali yoipa, ndisakubisireni. Inkaoneka ngati chisa cha khwangwala. Koma ndinaphunzira. Waya ndimatola kumene anyamata awotcha matayala akutha, ndimamukwecha ndi mchenga mpaka mwaye utachoka, n'kumupinda mozungulira. Majumbo ndimachapa, ndimayanika pa mpanda, ndimadula timizere n'kupinda kamodzikamodzi mpaka duwa litaoneka. Oyera amachokera m'mapepala a m'kati mwa matumba a feteleza, masamba ndimadula ku mabotolo obiriwira. Ntchito yake ndi yochedwa, ndipo kuchedwako ndi kumene kumandithandiza. Mutu ukayamba kubwerera pansi pa matumba, zala zimakhala zili pano, zikupinda, ndipo pang'onopang'ono mutu umazitsatira. Mayi Asiyatu amandiseka kuti kwawo saika nkhata pamanda, ndiye iwo sadzakhala kasitomala wanga.

A Nangondo ndi amene anandikokera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, akundikalipira njira yonse. Ndinkayembekeza kuti akandiuza kuti ndine wamisala. Adokotala ake anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundiuza kuti vutoli amalidziwa, limagwira anthu amene anaona zoopsa, ndipo si ufiti kapena ziwanda. Anati thupi limakhala likuganiza kuti ngozi ija sinathe. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono zikandiyamba, kuponda pansi mwamphamvu, ndi kutchula zinthu zimene ndikuziona pamalopo kuti ndidziwe pamene ndili. Anandiuzanso mosabisa kuti mowa umagoneka vutoli madzulo n'kulidzutsa m'mawa litakula. Kusiya kunandivuta. Ndinasiya, ndinagwa, ndinasiyanso. Chimene chinandigwira kwambiri n'chakuti manja a matsire sapinda duwa, amangong'amba.

Za maliro tinayamba patalipatali. Kukachitika zovuta m'mudzi ndinkapanga nkhata n'kupatsira a Nangondo, osalipiritsa. Ina inabwezedwa, ina ndinaipeza itatayidwa m'ngalande. Zinandipweteka, ndipo tsiku limenelo ndinamwa. Koma ena analandira. Kenako ndinayamba kufika pasiwa, kukhala kumapeto kwa amayi, anthu akamanyamuka kupita kumanda ine n'kubwerera. Kenako ndinkafika mpaka pamphepete pa mitengo, majumbo ali m'manja, a Nangondo ali pambali panga ngati msilikali. Wina akandiyang'ana kwambiri ankamufunsa ngati wataya chinthu pankhope panga. A Nangondo anawauza okha amayi a kumpingo, mokalipa, kuti mwanayu ndi wodwala, ndipo adzukulu akamagwira mafosholo nyimbo izikwera. Ena anamva, ena mpaka lero amakoka ana awo.

M'mudzi monse munthu amene ankalowa m'nyumba mwanga n'kukhala pansi anali a Nangondo basi. Chaka chatha nthawi yokolola anayamba kudwala. Ndikapita kukawaona ankandinena kuti phala langa ndi lamadzi ngati la kuchipatala. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunena kuti: “Ine ukandithawa ndidzakuona. Udzakhale mpaka amalize kukwirira.”

Atamwalira ndinapanga nkhata usana wonse. Kumanda ndinalowa, koyamba chithawireni. Fungo lija linandilandira pomwepo. Ndinakhala pansi kumbuyo kwa amayi, ndinatulutsa majumbo, ndinayamba kupinda. Bokosi linatsika. Amayi anakweza nyimbo monga anawauzira mwini wake, koma fosholo yoyamba ndinaimvabe. Du. Mdima unabwera, dzanja linagwira mwendo. Ndinaponda pansi, ndinayamba kutchula chamumtima: uwo ndi mtengo, icho ndi chitenje chofiira, awo ndi abusa, ili ndi duwa, ndili kumanda, ndikuika a Nangondo. Ndinanjenjemera thupi lonse. Ndinadzikodzera, ndikunena poyera, chitenje chonse chinanyowa. Koma sindinadzuke. Ndinapinda maluwa mpaka phokoso linasintha, dothi likugwera pa dothi linzake, osatinso pabokosi.

Itafika nthawi yoika nkhata, woyendetsa mwambo anayamba kuitana monga mwa nthawi zonse, achibale, ana, zidzukulu. Ine yanga ndinali nditapatsira mayi wina kuti akaike pamodzi ndi za mpingo. Ndiye ndinamva akuti: “M'malo mwa mwana wawo, malemu Filesi, abwere a Esnati. Anasiya mawuwa ndi a Nangondo eni ake.”

Mayi uja anandibwezera nkhata m'manja. Ndinaimirira ndi chitenje chonyowacho, ndinadutsa pakati pa anthu omwe aja ankati ndinapereka mnzanga, ndinagwada, ndinaika nkhata pamtumbira. Dothi linali lofewa, lonunkhira chimodzimodzi, ndipo ndinaligwira ndi manja anga. Pafupi pomwepo panali manda a Filesi, nkhata yanga yoipa ija ikadalipo, itangofwifwa ndi dzuwa. Mbuzi zinailephera.

Musaganize kuti ndinachira. Sabata yathayi thumba linagwa pamsika ndipo ndinapezeka ndili pansi pa benchi la tomato la munthu. Bulangete ndimafunda lofika m'chiuno. Pa lole sindikwera, ndipo mwina sindidzakweranso. Tadala amabwera sukulu akatsekera, koma amandiyang'ana mochenjera, ngati mmene umayang'anira galu amene anakulumapo, ndipo sindimuimba mlandu. Madzulo m'nyumba mwanga mumakhala chete kwambiri tsopano popeza wondikalipira uja anapita. Chimene chinasintha n'chakuti zikandigwira ndimadziwa dzina lake, ndimadziwa kuti zidutsa, ndipo m'manja mwanga mumakhala chogwira chimene si botolo.

Ngati muno muli wina amene thupi lake limathawa zinthu zimene anzake saziona, ndikukupemphani, uzani munthu mmodzi zimene zinachitika, mwatsatanetsatane, ngakhale zikuoneka zopusa ngati nkhani ya mbuzi. Pitani kuchipatala, musachite manyazi. Pezani chochita ndi manja, chilichonse, ngakhale chochokera kudzala. Ndipo chimene mukuchiopacho musachithamangire, muzichiyandikira pang'onopang'ono, muli ndi munthu pambali.

Tsopano za nkhata iyi. Ndi ya mayi anga. Chithawireni tsiku lija sindinaimepo pamanda awo. Tsiku loika a Nangondo mandawo ndinawaona patali, pamera udzu, koma mphamvu zinali zitatha. Akuluakulu a mudzi andilola kuti ndipite Loweruka likubwerali ndikalambule ndi kuika nkhatayi. Koma mukudziwa kuti kumanda munthu salowa yekha, makamaka ine, anthu angayambirenso kunena. Mkulu wanga ndinamutumizira uthenga, sanayankhe. Mayi Asiyatu chipembedzo chawo sichiwalola. Amene akanandiperekeza ali komweko kale.

Ndiye ndabwera nayo kuno. Sindikufuna wondipempherera mokuwa kapena wondilimbitsa mtima ndi mawu ambiri. Ndikufuna munthu mmodzi woti akaime pambali panga, ndipo ndikakayamba kunjenjemera akangonena kuti, Esnati, uziluka. Ngati alipo, andipeze panja tikamatuluka. Ndikhala pansi pa mtengo uja, nkhata ili pamiyendo.